Werengani Mokweza, Alamu

4 Febuluwale

Iwe,

Ndikhulupirira uli bwino kumene uliko. Mwina kuzizira kwakuumitsa zala, poti chifukwa china chosayankhira mauthenga anga sindikuchiona. Ine ndilipo. Ulendo uno ndalemba papepala kuti nditumize ku adiresi ya sukulu yakoyo. Mwina envelopu ungaitsegule, pofuna kudziwa kuti muli chiyani.

Muli izi: chikwerereni ndege iwe, ine sindinapitenso kumwezi. Ndinagula kachipangizo koyezera mimba ku famase, n'kukayezera m'chimbudzi cha pa lendi pano, mayi wa chipinda cha kumapeto akugogoda kuti ndifulumire. Mzere woyamba unatuluka wofiira psu. Wachiwiri unali ngati wa pensulo umene wina waufufuta. Ndinauyang'ana pawindo, ndinauyang'ana panja padzuwa, mpaka maso anayamba kundinamiza. Sindikudziwa ngati ndili ndi mimba kapena ayi.

Useke bwino tsopano. Ku ofesi ntchito imene andipatsa ndi positala yolimbikitsa amayi kukayezetsa mimba kwaulere ku makiliniki a boma. Mawu onse ndalemba ndine, mitundu ndasankha ndine. Kiliniki iliyonse m'tauni muno ndikuidziwa, masiku ake, khomo lolowera. Abwana akuti ndikapitiriza chonchi, miyezi yoyeserera ikatha andilemba ntchito yeniyeni. Makomo onse ndikuwadziwa, koma ndikafika pageti miyendo imakana.

Sindikufuna kukamva ndekha. Munthu amene ndikumufuna ndi akulu anga. Koma ukudziwa mmene zimakhalira kwathu. Kalata yanga ikafika, alamu amasamba m'manja kuchotsa girisi wa njinga, amaimirira pakati pa balaza, n'kuwerenga mokweza ngati nkhani za pa wailesi, amayi ali pampando wawo, nthawi zina ndi aneba omwe. Foni m'nyumba muja ndi imodzi, ya alamu omwewo, ndipo siichoka pa sipika. Ine ndine Digiri wawo, woyamba kuvala gauni pamtundu pathu. Ndilembe kuti chiyani? Ndingotumiza positalayo. Akulu ndi ochenjera. Akaiona adziwa kuti mng'ono wawo sangatumize chinthu chotere popanda chifukwa.

Yankha, chonde.

Ine

4 Febuluwale

Okondedwa Amayi, Akulu ndi Alamu,

Moni nonse kumeneko. Amayi, maso ali bwanji? Mankhwala odontheza aja mukuthira, kapena mwawasunga m'kabati kuti asathe? Alamu, njinga zikuwonongeka mokwanira? Ine kuno ndili bwino. Chipinda ndi chomwe chija, bedi, tebulo, mbaula ndi windo loyang'ana khoma la anzanga. Madzi amabwera akafuna.

M'kati mwa kalatayi mupeza pepala lopinda. Mulitambasule bwino, lisang'ambike. Imeneyo ndi positala yoyamba kutuluka m'manja mwanga. Aisindikiza yambiri, ikamatidwa m'makiliniki onse. Ku ofesi ndinakangana ndi anthu akuluakulu chifukwa cha iyo. Iwo amafuna chithunzi cha mayi akumwetulira atanyamula khanda, chomwe chija cha chaka ndi chaka. Ine ndinati ayi, munthu amene sakudziwa ngati ali ndi pakati samwetulira, amakhala ali ndi mantha. Ndinapambana. Muona amayi awiri atakhala pabenchi, wina atagwira dzanja la mnzake.

Zinthu zimandinyansa mmene zikuyendera pang'onopang'ono. Kuyezetsa ndi kwaulere, kiliniki ili pafupi, koma mayi amakhala miyezi akungoganizira, kuopa kufunsa, kuopa kuonedwa. Tidzasintha liti? Anthu a ku ofesi kuno akamva mawu oti "kusintha" amayamba kufunafuna makapu a tiyi. Ine sindinakhale zaka zonse zija kusukulu kuti ndidzaphunzire kudikira.

Akulu, positalayi muiwerenge bwino, inuyo makamaka. Muiwerenge kawiri, muyang'anenso chithunzicho. Malo ngati amenewa munthu sapita yekha, pamafunika m'bale wake. Chipinda changa n'chaching'ono koma anthu awiri angakwanemo. Basi imabwera tsiku lililonse, kondakitala amene amanyamula makalata athuwa akhoza kukusungirani mpando.

Mundiyankhe msanga. Ndikudikira.

Mwana wanu,
Digiri

11 Febuluwale

Mwana wanga,

Ndine mayi ako, koma dzanja ndi la mlamu wako, poti maso angawa aona zokwanira. Tadzuka bwino tonse. Kaya iwe kumeneko? Ukudya? Pachithunzi chija unatumiza chaka chatha khosi linali litatalika.

Kalata yako tinalandira. Mlamu wako anawerenga kawiri, kachiwiri chifukwa mayi wogulitsa makala anafika mochedwa. Pepala lako lija ndi lokongola. Ine ndimangoona mitundu, koma andifotokozera zonse. (Apa ndine mlamu wako. Ndaikhoma pabalaza, pamwamba pa wailesi, ndi timisomali tinayi. Aliyense wobwera kudzatenga njinga ndimamulowetsa kuti aone ntchito ya Digiri wathu. Wina anafunsa ngati amayi a pachithunziwo unawajambula wekha, ndinati inde. Ngati ndanama undikhululukire.)

Tsono mwana wanga, ndikuthokoze. Wanena chinthu chimene ife m'nyumba muno takhala tikuchizungulira. Mkulu wako wakhala m'banja zaka zonsezi, manja ali lende, popanda mwana. Ine ndikayamba nkhaniyi amadzuka kukatsuka mbale zotsukatsuka. Mlamu wako ndi munthu wabwino, salankhula. (Zoona.) Koma kwawo kwa mlamu wako amalankhula. Iwe ndi sukulu yako waona kuti kutauniko kuli zipangizo zabwino, ndipo wamuitana mkulu wako mwaulemu, pamaso pa tonse, kuti asakane. Mwina kuno amangomuyeza molakwika. Mwina kumeneko akamuona bwino apeza chimene chikutsekereza.

Pamene mlamu wako anafika poti "inuyo makamaka," mkulu wako anatuluka kupita kukhitchini. Anabwerako maso ali ofiira, akuti ndi anyezi. Usade nkhawa, ndimunyengerera. Iwe ulembenso, umulimbikitse. Mawu ako m'nyumba muno amalemera.

Ukapeza mpata undifunsire za magalasi owerengera. Sikuti mlamu wako sawerenga bwino, koma amawonjezera zake. (Bodza.)

Ndine,
Mayi ako

13 Febuluwale

Amayi, Akulu ndi Alamu,

Moni. Ndayankha tsiku lomwelo kondakitala wandipatsa kalata yanu, ndaima pa depoti pomwe pano, pepala ndatsamiritsa pakhoma. Mukhululuke zilembo.

Amayi, ndikudya. Magalasi ndifunsa. Alamu, amayi a pachithunzi sindinajambule ndine, koma musachite kubweza mawu, zisiyeni.

Za akulu. Si ndendende mmene ndimatanthauzira, komabe mfundo ndi yomweyo: abwere. Abwere sabata ino, asadikire kuti mwezi uthe. Kiliniki ya pafupi ndi ine amayeza m'mawa, Lachiwiri ndi Lachinayi. Tikapita limodzi, ine ndi iwo, tikakhala pabenchi limodzi. Safunika kutenga kanthu, zofunda zilipo. Ku ofesi ndipempha kuti ndilowe masana.

Akulu, chonde musaganize zambiri. Ingokwerani basi. Zina tidzakamba mukafika, pakamwa, awiriwiri. Pali zinthu zimene pepala silinyamula bwino. Ngati mumandikonda, bwerani.

Ndikhala ndikufika pa depoti madzulo aliwonse pochoka kuntchito.

Digiri

20 Febuluwale

Mng'ono wanga,

Moni. Ndalemba ndekha, ndipo kondakitala ndimupatsa ndekha. Palibe amene waona kalatayi.

Ndamva kuti ukumafika pa depoti. Usiye, ukungotha nsapato. Sindibwera.

Ukuganiza kuti sindidziwa zoti kuyezetsa ndi kwaulere? Ine benchi la kukiliniki ndimalidziwa kuposa mpando wa m'nyumba mwanga. Ndikudziwa mbali imene ili ndi msomali wokola nsalu. Ndikudziwa kabotolo kamene amakupatsa, ndi chitseko cha chimbudzi chosatsekeka chimene umachigwira ndi phazi. Mwezi ukangochedwa pang'ono ndimapita, osauza munthu, ndimati ndikukagula sopo. Anamwino anafika pondizolowera, amangoti, "Mwabweranso, mayi?" Kenako mzere umodzi. Nthawi zonse umodzi. Chaulere ndi kachipangizoko, mng'ono wanga. Ulendo wobwerera kunyumba ndi umene umadula, ndipo zimenezo pa positala yako palibe.

Tsopano positalayo ili pabalaza panga. Ndikamasesa imandiyang'ana. Ndikamapereka tiyi kwa alendo, iwo amayang'ana khoma, kenako mimba yanga, kenako khoma. Mayi wa makala anandigwira dzanja pamsika n'kunena kuti, "Mverani mng'ono wanu, ndi wophunzira." Dzulo alongo awo a alamu ako anabwera, anaiwerenga yonse mokweza, ndi masiku omwe, n'kundifunsa ngati ndamva. Kuichotsa sindingathe, chifukwa alamu ako amaipukuta fumbi m'mawa uliwonse. Iwo akuona dzina la ofesi yako pansi pake. Saona china.

Ndinakusambitsa ine. Ndinakuperekeza kusukulu tsiku loyamba ukulira, ndinakhala panja pa kalasi mpaka belu. Pa anthu onse amene andinenapo za mwana, iwe wekha unali usananenepo. Ndimati ndili ndi munthu mmodzi amene akandiona amaona mkulu wake, osati mimba yopanda kanthu. Tsopano nawenso wandiika pa pulogalamu, Lachiwiri ndi Lachinayi.

Dziko ulisinthe, ndikufunira zabwino. Koma usayambire pa ine.

Amayi ali bwino. Magalasi asakhale a mafelemu ofiira, sangavale.

Mkulu wako

27 Febuluwale

Iwe,

Moni, ngati moni amafika kumeneko. Kalata yanga yoyamba sunayankhe. Chithunzi chako chatsopano ndachiona, utavala jekete lalitali, ndiye kuti zala zikugwira ntchito. Iyi ndi yomaliza. Ndikulemba chifukwa m'chipinda muno mulibe wina woti ndimuuze, ndipo khoma la anzanga ndalilankhula mokwanira.

Ndawapweteka akulu anga. Kwathu anamva ngati positala ija ndinatumizira iwo, poti alibe mwana. Ine zimenezo sizinandidutse n'komwe m'mutu, ndimangoganiza za mimba yanga. Choipa kwambiri n'chakuti amayi atandilembera ndinaona kuti amva molakwika, koma ndinati zisiyeni, bola akulu akwere basi. Ndinawakoka pogwira pabala. Andiyankha, ndipo sabwera.

Ndiye Lachinayi ndinapita ndekha. Ndinafika geti asanatsegule, koma mzere unali utayamba kale. Aliyense anali ndi wake. Wina ndi amuna ake atanyamula kachikwama ka mkazi wawo mwamanyazi, wina ndi amayi ake, atsikana awiri akumvera nyimbo pa foni imodzi, aliyense khutu limodzi. Tinalowa, ndinakhala pabenchi. Kutsogolo kwanga, pakhoma, positala yanga. Ngodya imodzi inali itamatuka. Ndinawerenga mawu anga omwe, oti "Musaope, bwerani lero," ndipo ndinafuna kumupeza amene analemba zimenezo ndimufunse kuti amadziwa chiyani.

Anamwino anatuluka ndi beseni la timabotolo. "Oyezetsa mimba, aliyense katenge kamodzi." Atafika pa ine anaima, akuyang'ana pachifuwa panga. Ndinali nditaiwala kuvula chitupa cha kuntchito, chili lende m'khosi.

"Aa, ndinu a ku ofesi ya mapositala? Mwabwera kudzaona ngati tamata?"

Ndinati inde.

"Tamata, onani. Koma mutiuzire abwana anu, guluu amatipatsa wochepa."

Ndinaimirira, ndinakanikiza ngodya ija ndi chala mpaka inagwira, ndinafunsa mafunso awiri atatu ngati munthu wa pantchito, n'kutuluka. Anandiperekeza mpaka pakhomo, mwaulemu wonse. Pofika ku ofesi abwana anandiyamikira kuti ndimayendera ntchito yanga popanda wondituma.

M'mawa uliwonse ndikumasanza mwakachetechete, mpope ndikutsegula kuti mayi wa chipinda cha kumapeto asamve. Mwina ndi mimba, mwina ndi mantha. Madzulo ndimadutsabe pa depoti, ngakhale anandiletsa. Kondakitala akandiona amangotambasula manja.

Usavutike kuyankha. Uvale bwino jekete lakolo.

Ine

2 Malichi

Amayi, Akulu ndi Alamu,

Moni nonse. Ndikhulupirira mwadzuka bwino.

Alamu, ndikudziwa kuti mwaimirira pakati pa balaza. Ngati pali aneba, apempheni apite, abwere mawa. Akatuluka muwerenge kalatayi yonse mpaka pansi, mokweza ngati masiku onse. Musatsitse mawu, musadumphe mzere, ndipo ulendo uno musawonjezere zanu.

Positala ija sindinatumizire akulu. Ndinatumiza chifukwa cha ine. Amene akufunika kukayezetsa mimba ndine. Papita nthawi ndisanapite kumwezi. Ndinayesa kudziyeza ndekha koma sizinaoneke bwino. Mwamuna wake ndi mnzanga uja wa kusukulu amene munamuona tsiku la gauni, wamtali, amene anakujambulani chithunzi, Amayi. Ali kunja kukaphunzira, ndipo sakuyankha. Musamudikire, inenso ndasiya.

Ndinkaopa kukuuzani chifukwa m'nyumba mwanumo ndine Digiri, amene amadziwa zonse ndipo salakwitsa. Dzina limenelo ndimalikonda, sindinama. Ndiye m'malo molemba kuti "Akulu, ndili ndi mantha, bwerani," ndinalemba ngati ndikuphunzitsa msonkhano. Ndi mmene ndimalembera, njira ina sindinaiphunzire. Amayi atamva molakwika ndinaona, koma sindinakonze, chifukwa ndimafuna akulu abwere mwanjira iliyonse. Pamenepo ndiye ndinalakwa kwambiri.

Akulu, ndikunena pamaso pa onse chifukwa ndinakuchititsani manyazi pamaso pa onse. Palibe chimene ndimafuna kukonza pa inu. Chithunzi chija cha amayi awiri, wogwira dzanja la mnzakeyo ndimaganiza inu. Winayo ndine. Pepani. Ndikudziwa tsopano kuti benchi limene ndikukuitanirani ndi lotani kwa inu, ndiye mukakana sindidandaula. Koma kunama ndasiya: ndinapita ndekha ndipo ndinathawa. Ndikufuna mkulu wanga.

Amayi, za ntchito sindikudziwa kuti zitha bwanji akadziwa. Za mawa sindikudziwa. Ndi koyamba kulemba mawu amenewa m'kalata, ndipo dzanja silinathyoke.

Alamu, positala ija muichotse pakhoma. Mwatha, mukhoza kukhala pansi.

Mwana wanu

8 Malichi

Mng'ono wanga,

Moni. Kalata yako inachedwa, basi inafera panjira ndipo kondakitala anaiiwala m'thumba la jekete. Yafika dzulo.

Alamu ako anathamangitsa mayi wa makala, anatseka chitseko, anayamba kuwerenga. Atafika poti "ndine," mawu anawathera. Anati zilembo sizikuoneka. Amayi anati, "Zikuoneka. Mwana wanena kuti musadumphe." Anawerenga yonse, mokweza. Atafika pomaliza anakhaladi pansi, poti unawauza. Kenako anatuluka kukapopa njinga yopopapopa.

Ine ndimati amayi akalipa. Atatsegula pakamwa anati, "Ndiye amasanza yekhayekha m'chipinda muja?" Madzulo anandifunsa ngati chikwama chachikulu chija zipi yake ikugwira.

Ndikadali wokwiya, usaganize kuti zatha. Chitsiru iwe, digiri yonseyo osatha kulemba mawu atatu. Ndikwera basi ya Lolemba. Lachiwiri tipita. Usapite ndisanafike, ndipo m'mawa wake usakodze, mkodzo woyamba ndi umene umaonetsa bwino. Chitupa cha kuntchito, ngati uli nacho, uchisiye kunyumba.

Chinthu chimodzi ndikuuziretu. Sindikulonjeza nkhope yabwino. Kaya atiuza kuti ilipo kaya palibe, mwina ndilira, ndipo sindidziwa kuti ndikulirira ndani. Ukadzaona choncho usadzandifunse, usadzandiphunzitse. Udzangondisiya.

Udzandidikire pa depoti.

Mkulu wako

12 Malichi

Amuna anga,

Moni. Ndinafika bwino. Kalata iyi muwerenge nokha, chamumtima, mutakhala pansi. Amayi muwauze pakamwa zimene ndanena kumapeto.

Ndinamupeza pa depoti ataima pafupi ndi ogulitsa nthochi, atavala zakuntchito, nsapato zazitali, nkhope ngati bwana. Atandiona anayamba kundifotokozera za mabasi a m'tauni, kuti akuyenda mosalongosoka ndipo iye akanakhala woyang'anira akanakonza. Ndinamusiya alankhule. Tinafika pachipinda, anatseka chitseko, mawu anathera pakati, anandigwira m'chiuno ngati kamwana. Waonda. M'chipindamo muli kapu imodzi, mbale imodzi, supuni imodzi. Tiyi tikumwa mosinthana.

Lachiwiri tinalawirira. Benchi la kuno ndi chimodzimodzi la kwathu, kuzizira kwake komweko. Positala yake ili pakhoma, anakhala moifulatira. Anamwino atatuluka ndi timabotolo anayang'ana iye, anayang'ana ine ndi mphete yangayi, n'kundipatsa ine kabotolo. Dzanja langa linalandira lokha, mwachizolowezi. Ndinakagwira kanthawi. Kenako ndinakapereka kwa mwini wake. Anamwino anamuyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Inu si a mapositala aja?" Ine ndimati athawanso, ndinali nditagwira kale siketi yake kumbuyo. Koma anati, "Ndine ndemwe. Lero ndabwera kudzayezetsa." Mawu anatuluka aang'ono, koma anatuluka. Chitseko cha chimbudzi cha kunonso sichitsekeka. Ndinamugwirira ine.

Anatilowetsa tonse awiri m'kachipinda. Anamwino anadontheza, tinadikira. Iye amayang'ana kudenga. Ine ndimayang'ana patebulo, poti ndikudziwa pamene pamatulukira.

Ilipo. Ali ndi mimba.

Sanalire. Anafunsa mafunso ambirimbiri, za sikelo, za mankhwala, za malamulo a kuntchito, mpaka anamwino anaseka kuti, "Mayi, pumani kaye." Akuti abwana ake akawauza yekha sabata yamawa, asanamve kwa ena, ndipo akamuchotsa akawaonetsa chimene chili m'malamulo. Mukumudziwa. Koma nthawi yonseyo dzanja lake linali m'dzanja langa, zikhadabo zake zandisiyira zipsera.

Amene analira ndine, ndipo anandisiya monga ndinamuuzira.

Ndikuuzeni chimene sindinakuuzenipo. Ulendo uliwonse umene ndimati ndikukagula sopo n'kubwera wopanda sopo, ndimakhala ndili kukiliniki. Mwina mumadziwa, poti simunafunsepo za sopoyo. Lachiwiri, anamwino asanataye kachipangizo kaja, ndinapempha kuti ndikagwire pang'ono. Anandipatsa osafunsa. Zaka zonsezi ndinali ndisanaonepo mizere iwiri ndi maso anga. Ndi yaifupi, amuna anga, yofanana, yoyandikana. Ine ndimayesa kuti imakhala yaikulu.

Ndikhala kuno mpaka ayambe sikelo. Malaya anu oyera ali m'sutikesi, pansi. Positala ija ngati simunaichotse isiyeni, koma muisamutsire kuchipinda kwa amayi, alendo aone khoma.

Amayi muwauze kuti ilipo, kuti magalasi tapeza a mafelemu akuda, ndiponso kuti mwana wawo akudya. Lero ndikukagula kapu yachiwiri.

Mkazi wanu